Nkhalango Zodzipangira Mvula: Nyengo ya M'madera a Ikweta

Pakati pa dziko lapansi pali chigawo chotambalala chimene chimazungulira dziko lonse motsata ikweta, womwe ndi mzere wongoganizira umene umagawa dziko m'zigawo ziwiri, cha kumpoto ndi cha kummwera, ndipo m'chigawo chimenechi ndimo muli nkhalango zowirira kuposa zina zonse. Nkhalangozi, zomwe akatswiri amazitcha nkhalango za mvula, zimapezeka makamaka m'madera osatalikira madigiri 10 kumpoto kapena kummwera kwa ikweta. Yaikulu kwambiri ndi ya Amazon ku South America, yomwe kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 5.5 miliyoni ndipo gawo lake lalikulu lili m'dziko la Brazil. Yachiwiri ndi ya m'chigwa cha mtsinje wa Congo, yomwe yafalikira m'maiko a Democratic Republic of Congo, Congo, Gabon, Cameroon, Central African Republic ndi Equatorial Guinea, pomwe gulu lachitatu lili ku Malaysia ndi pazilumba za Borneo, Sumatra ndi New Guinea. Ngakhale kuti madera amenewa atalikirana ndipo mitengo ndi nyama zake ndi zosiyana, nyengo yake ndi yofanana kwambiri, ndipo chofunika kumvetsa n'chakuti nkhalangozi sizingolandira nyengoyo mmene yabwerera, koma zimathandiza kuipanga ndi kuisunga.

Katswiri wa zanyengo Wladimir Köppen, amene anabadwira ku St Petersburg mu 1846 n'kugwira ntchito zaka zambiri ku Hamburg m'dziko la Germany, anakonza njira yogawira nyengo za padziko m'magulu potengera kutentha ndi mvula ya mwezi uliwonse, ndipo njirayo ikugwiritsidwabe ntchito mpaka lero. Nyengo ya nkhalango za mvula anaipatsa chizindikiro cha zilembo ziwiri, Af, ndipo kuti dera liwerengedwe m'gululi liyenera kukwaniritsa zinthu ziwiri, zomwe ndi zakuti mwezi wake wozizira kwambiri usatsike pansi pa madigiri 18 pa avereji, komanso kuti mwezi wake wouma kwambiri ulandire mvula yosachepera mamilimita 60. Mamilimita ndi muyeso wa kuya kwa madzi amene angaunjikane pamalo athyathyathya ngati sakulowa pansi kapena kuyenderera. Mfundo yachiwiriyi ndiyo yaikulu, chifukwa imatanthauza kuti m'madera oterewa mulibe chilimwe chenicheni, ndipo mtengo suvutika kupeza madzi kwa miyezi yotsatizana, kotero ulibe chifukwa choyoyolera masamba ake onse nthawi imodzi monga imachitira mitengo ya miombo ya kummwera kwa Africa.

Kutentha kosasintha

Chimene chimachititsa nyengoyi choyamba ndi dzuwa. Pa ikweta dzuwa limakhala pamwamba ndithu masana onse a chaka, ndipo kawiri pachaka, cha pa 21 Malichi ndi pa 23 Seputembala, limadutsa paliwombo penipeni. Usana ndi usiku zimatalika mofanana, pafupifupi maola 12 chilichonse, kuyambira Januwale mpaka Disembala, ndipo chifukwa chake mphamvu ya dzuwa imene nthaka imalandira siisintha kwenikweni mwezi ndi mwezi. Kutentha kwa avereji kumakhala pakati pa madigiri 25 ndi 28, ndipo m'mizinda monga Singapore kapena Iquitos ku Peru kusiyana kwa mwezi wotentha kwambiri ndi wozizira kwambiri sikupitirira madigiri 2 kapena 3. Kusiyana kwakukulu kumakhala pakati pa masana ndi usiku wa tsiku lomwelo, pamene kutentha kumatha kutsika kuchoka pa madigiri 31 kapena 32 masana kufika pa 22 kapena 23 m'bandakucha, moti munthu wokhala m'madera amenewa amamva kusintha kochuluka pa tsiku limodzi kuposa mmene angamvere poyerekeza miyezi ya chaka.

Anthu ambiri amaganiza kuti madera a ikweta ndiwo otentha kwambiri padziko lapansi, koma si choncho. Kutentha kopitirira madigiri 40, komwe n'kozolowereka m'chipululu cha Sahara ngakhalenso ku Chikwawa ndi ku Nsanje m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, sikuchitikachitika m'nkhalango za mvula, mmene kawirikawiri kutentha sikudutsa madigiri 35. Mitambo imatchinga gawo la kuwala kwa dzuwa, ndipo mphamvu yambiri imene yafika pansi imathera pa kusandutsa madzi kukhala nthunzi m'malo motenthetsa mpweya. Chimene chimalemetsa thupi ndi chinyezi cha mumpweya, chomwe masana chimakhala cha m'ma 80 peresenti ndipo usiku chimayandikira 100 peresenti, kutanthauza kuti mpweya wakhuta nthunzi ndipo sungalandirenso ina, choncho thukuta siliuma pakhungu ndipo thupi limalephera kudziziziritsa.

Pali malo amodzi amene lamulo la kutentha kosasinthali limaphwanyika nthawi zina. Kummwera chakumadzulo kwa Amazon, m'zigawo za Acre ndi Rondônia ku Brazil komanso m'madera oyandikana nazo a Bolivia ndi Peru, mpweya wozizira wochokera kummwera kwenikweni kwa kontinentiyo umatha kulowa m'nkhalango pakati pa Meyi ndi Ogasiti, n'kutsitsa kutentha mpaka pansi pa madigiri 15 kwa masiku ochepa. Anthu a ku Brazil amatcha kuzizira kumeneku friagem.

Kumene mvula imachokera

Mpweya ukatenthedwa umapepuka n'kukwera, ndipo ukamakwera umazizira ndi pafupifupi madigiri 6 pa mamita 1,000 aliwonse. Popeza mpweya wozizira sungasunge nthunzi yochuluka ngati wotentha, nthunziyo imasanduka timadontho ta madzi tomwe timapanga mitambo. Pa ikweta zimenezi zimachitika pamlingo waukulu zedi, chifukwa mpweya wokwerawo umasiya malo amene amadzazidwa ndi mphepo ziwiri, ina yochokera kumpoto chakum'mawa ndi ina yochokera kummwera chakum'mawa, zonse zitanyamula chinyezi cha m'nyanja zamchere zomwe zadutsapo. Malo amene mphepo ziwirizi zimakumana amadziwika ndi chidule cha ITCZ, ndipo pazithunzi zojambulidwa kuchokera mumlengalenga amaoneka ngati mzere wa mitambo wozungulira dziko. Mpweya umene wakwera n'kukhuthula mvula yake umafalikira chakumpoto ndi chakummwera, n'kukatsikanso uli wouma cha pa madigiri 30, kumene kuli zipululu za Sahara, Arabia ndi Kalahari. Kayendedwe ka mpweya kameneka kamatchedwa ndi dzina la George Hadley wa ku England, amene anayesa kukafotokoza mu 1735, ndipo kamasonyeza kuti nkhalango za mvula ndi zipululu zazikulu zimachokera ku gwero limodzi.

Mzere wa ITCZ sukhala malo amodzi, koma umatsata dzuwa, kupita kumpoto cha pakati pa chaka ndi kubwerera kummwera chakumapeto kwake. Madera a pa ikweta penipeni amadutsidwa ndi mzerewu kawiri, n'chifukwa chake mumzinda wa Kisangani ndi madera ena a pakati pa chigwa cha Congo mvula imachuluka kawiri pachaka, cha m'Malichi mpaka Meyi komanso m'Seputembala mpaka Novembala, pomwe miyezi yotsalayo mvula imangochepa osalekeratu. Madera akutali ndi ikweta amafikiridwa kamodzi kokha, ndipo ndi mmene zilili ku Malawi ndi ku Zambia, kumene dzinja limabwera pamene mzerewu wafika kummwera. Mu Lilongwe mumagwa mvula ya mamilimita pakati pa 800 ndi 900 pachaka, pafupifupi yonse m'miyezi isanu, pomwe ku Manaus, mzinda umene uli pakati pa Amazon, kumagwa mvula yoposa mamilimita 2,000. Madera ena amapitirira pamenepa kutalitali. Mzinda wa Quibdó m'chigawo cha Chocó ku Colombia umalandira mamilimita pafupifupi 8,000, ndipo Debundscha, mudzi umene uli m'tsinde mwa phiri la Cameroon moyang'anizana ndi nyanja ya Atlantic, umalandira cha m'ma 10,000, chifukwa m'malo onse awiriwa mphepo ya chinyezi yochokera kunyanja imagunda mapiri n'kukakamizika kukwera.

Tsiku la m'nkhalango limayenda mwadongosolo lodziwika. Kumacha kuli nkhungu imene imakuta nsonga za mitengo, ndipo dzuwa likakwera nkhunguyo imabalalika n'kusiya thambo loyera. Cha m'ma 10 koloko timitambo toyera timayamba kuoneka, n'kumakula ndi kuunjikana mpaka masana pamene timasanduka mitambo yakuda yotalika makilomita 15 kapena kuposerapo, ndipo chakumadzulo mvula yamphamvu ya mabingu ndi ziphaliwali imakhuthuka kwa ola limodzi kapena awiri, kenako n'kukata. Si tsiku lililonse limene limatsata ndondomekoyi, ndipo m'mphepete mwa nyanja mvula imagwanso usiku kapena m'mamawa, koma kuchuluka kwa mitambo ya mabingu n'kumene kumachititsa kuti kum'mawa kwa Democratic Republic of Congo kukhale pakati pa madera amene mphenzi zimang'anima kwambiri padziko lonse.

Mitengo yobwezera madzi kumwamba

Kwa zaka zambiri akatswiri ankakhulupirira kuti nkhalango ya Amazon ilipo chifukwa chakuti kumagwa mvula yambiri, ndipo kuti mvulayo imachokera kunyanja ya Atlantic basi. Maganizo amenewa anasintha m'zaka za m'ma 1970 chifukwa cha kafukufuku wa Eneas Salati, wasayansi wa ku Brazil, amene anasonkhanitsa madzi a mvula kuchokera m'malo osiyanasiyana, kuyambira kugombe la nyanja mpaka kufupi ndi malire a kumadzulo kwa dzikolo. Njira yake inatsamira pa mfundo yakuti tizigawo ta madzi sitilemera mofanana, popeza tina tili ndi mtundu wa okosijeni wolemererapo pang'ono, ndipo tolemerato ndi timene timayamba kugwa mtambo ukamakhuthula mvula. Chinyezi chikanakhala chochokera kunyanja kokha, ndiye kuti mvula ya m'katikati mwa kontinenti ikanakhala ndi tizigawo tolemera tochepa kwambiri. Salati ndi anzake anapeza kuti kuchepako kunali kwapang'ono kuposa mmene ankayembekezera, ndipo mu 1979 anafalitsa zotsatira zosonyeza kuti pafupifupi theka la mvula ya ku Amazon ndi madzi amene anagwapo kale n'kubwezedwa mumlengalenga ndi nkhalango yomweyo. Akatswiri ena a pambuyo pake apeza chiwerengero chocheperapo, cha m'ma gawo limodzi mwa magawo atatu, koma palibe amene watsutsa mfundo yaikuluyo.

Mmene zimachitikira n'zosavuta kuzitsata. Gawo lina la mvula limakodwa pamasamba n'kuuma lisanafike n'komwe pansi, koma gawo lalikulu limalowa m'nthaka, n'kukokedwa ndi mizu, kukwera m'thunthu mpaka kumasamba, kumene limatuluka ngati nthunzi kudzera m'timabowo tosaoneka ndi maso timene tsamba limatsegula pofuna kulandira mpweya wa kaboni wopangira chakudya chake. Mtengo umodzi waukulu umatha kutulutsa malita mazanamazana a madzi pa tsiku, ndipo Antonio Nobre, katswiri wina wa ku Brazil, anawerengera kuti nkhalango yonse ya Amazon imatumiza mumlengalenga matani pafupifupi 20 biliyoni a madzi tsiku lililonse, omwe ndi ochuluka kuposa amene mtsinje wa Amazon umathira m'nyanja pa tsiku, ngakhale kuti mtsinjewo ndi umene umanyamula madzi ambiri kuposa wina uliwonse padziko. Mitengo ina ili ndi mizu yozama mamita 8 kapena kuposerapo, choncho imapitiriza kutulutsa nthunzi ngakhale m'miyezi imene mvula yachepa, zomwe udzu wa msipu sungathe kuchita chifukwa mizu yake imathera pamwamba.

Mphepo yochokera kum'mawa imanyamula nthunziyi kupita nayo kumadzulo, ndipo panjira madzi omwewo amagwa ndi kukwera maulendo angapo asanafike kumapiri a Andes. Mapiriwa, omwe m'malo ambiri amatalika kupitirira mamita 4,000, amatchinga mphepoyo n'kuikhotetsera kummwera, ndipo chinyezi chimene yanyamula chimakagwa ngati mvula ku Bolivia, ku Paraguay, kumpoto kwa Argentina ndi kummwera kwa Brazil, kumene kuli minda ikuluikulu ya soya, nzimbe ndi khofi komanso madamu opangira magetsi. Akatswiri a ku Brazil amatcha mphepo za chinyezi zimenezi mitsinje youluka. Zikutanthauza kuti mlimi wa ku São Paulo, amene mwina sanaonepo nkhalango ya Amazon, amadalira mitengo imene ili pamtunda wa makilomita oposa 2,000 kuchokera kumunda kwake.

Udindo wa mitengo suthera pa kupereka nthunzi. Dontho la mumtambo silipangika popanda kanthu kolimba komwe nthunzi ingamatirepo, ndipo pamwamba pa Amazon, pomwe m'nyengo ya mvula mpweya umakhala woyera kwambiri, tinthu toterewa timachokera ku nkhalango yomweyo, monga mungu, timbewu ta bowa ndi mafungo amene masamba amatulutsa omwe amasintha akakumana ndi kuwala kwa dzuwa. Pofuna kuyeza zimenezi, maiko a Brazil ndi Germany anamanga nsanja yotalika mamita 325 yotchedwa ATTO pamtunda wa makilomita pafupifupi 150 kuchokera ku Manaus, ndipo inatsegulidwa mu 2015. Kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2017 anasonyezanso kuti kummwera kwa Amazon nyengo ya mvula imayamba miyezi iwiri kapena itatu mzere wa ITCZ usanafike, chifukwa nthunzi ya m'mitengo ndiyo imayambitsa mitambo yoyamba imene imatenthetsa mlengalenga n'kukoka mphepo ya kunyanja. Kunena kuti nkhalango imaitana dzinja lake si kukokomeza.

Chigwa cha Congo chimadalira kwambiri kuzungulira kwa madzi kotereku, makamaka popeza mvula yake ndi yocheperapo, pakati pa mamilimita 1,500 ndi 2,000 m'madera ambiri, ndipo mbali ya kum'mawa yatchingidwa ndi mapiri amene amachepetsa chinyezi chochokera kunyanja ya Indian. Nkhalangoyi sinafufuzidwe mokwanira poyerekeza ndi Amazon, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti malo ambiri oyezera mvula amene analipo kale m'chigwachi anasiya kugwira ntchito, moti nsanja yoyamba yoyezera mpweya umene nkhalango imalandira ndi kutulutsa inamangidwa mu 2020 pa Yangambi, kufupi ndi Kisangani. Chinyezi cha m'chigwachi chimafikanso kummwera, ndipo mpweya wa ku Congo umene olosera zanyengo a ku Malawi ndi ku Zambia amautchula kawirikawiri m'dzinja ndi umodzi mwa magwero a mvula ya m'maiko amenewa.

Nyengo ya pansi pa mitengo

M'kati mwa nkhalango imodzi muli nyengo zingapo zosanjikizana. Nthambi za mitengo zimalukana pamtunda wa mamita 30 mpaka 45 kuchokera pansi, ndipo mitengo yochepa imabooleza n'kutalika kuposa pamenepo, monga mtengo wa mtundu wa meranti wa ku Danum Valley m'chigawo cha Sabah pachilumba cha Borneo, umene unayezedwa mu 2019 n'kupezeka kuti ndi wotalika mamita oposa 100. Pamwamba pa nthambizo dzuwa limawomba mwamphamvu, mphepo imaomba, ndipo chinyezi chimatsika masana, n'chifukwa chake masamba a kumeneko amakhala aang'ono ndi olimba, ndipo zomera zomera panthambi za mitengo ina zimakhala ndi njira zosungira madzi ngati kuti zili kumalo ouma. Pansi pake zinthu n'zosiyana kotheratu. Monga mmene denga la udzu limasungira kuzizira m'nyumba dzuwa likamaswa mtengo panja, nthambizo zimatchinga kuwala kotero kuti kofika panthaka ndi 1 kapena 2 peresenti yokha, mphepo siimveka, ndipo kutentha ndi chinyezi sizisintha kwenikweni usana ndi usiku. Masamba ambiri a m'munsimu ndi otambalala ndipo ali ndi nsonga zosongoka zothandiza kuti madzi atsetsereke msanga, kuopa kuti ndere ndi nkhungu zingamere pa tsamba lonyowa nthawi zonse.

Kutentha ndi chinyezi zimachititsa kuti tsamba logwa liwole m'masabata kapena miyezi yochepa, chifukwa chiswe, bowa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso zimagwira ntchito chaka chonse osapuma. Komabe nthaka ya m'nkhalango zambiri zotere ndi yosauka, chifukwa mvula ya zaka mamiliyoni yatsuka michere yake n'kusiya dothi lofiira kapena lachikasu lodzala ndi chitsulo ndi aluminiyamu. Chonde chili m'mitengo momwemo ndi m'zinyalala za pamwamba, ndipo mizu yoyanga pamwambapa imayamwa michere ikangotuluka m'zowola. N'chifukwa chake munda wolimidwa pamalo pomwe padulidwa nkhalango umabereka bwino zaka ziwiri kapena zitatu zokha kenako n'kuguga. Gawo lina la michere imene Amazon imataya limabwezeretsedwa ndi fumbi la ku Sahara, makamaka lochokera kuchigwa cha Bodélé m'dziko la Chad, limene mphepo imaliwolotsa nyanja ya Atlantic, ndipo kafukufuku wa bungwe la NASA wa mu 2015 anayerekeza kuti fumbili limabweretsa matani pafupifupi 22,000 a fosifolasi pachaka.

M'mapiri a m'madera otentha nkhalango zimasintha maonekedwe, mitengo imafupika ndi kukutidwa ndi ndere, ndipo gawo la madzi ake limachokera ku nkhungu imene imakodwa pamasamba n'kudontha pansi. Tinkhalango tobiriwira chaka chonse ta m'mapiri a Mulanje, Ntchisi ndi Misuku ndi ta mtundu woyandikira umenewu, ndipo ta ku Mulanje timathandizidwa ndi chiperoni kupirira miyezi ya chilimwe.

Pamene mvula yalephera

Ngakhale nkhalango za mvula zimakumana ndi chilala, ndipo chimene chimachibweretsa kawirikawiri ndi El Niño, komwe ndi kutentha kwa madzi a pakati ndi kum'mawa kwa nyanja ya Pacific kumene kumachitika pakapita zaka ziwiri mpaka zisanu ndi ziwiri, n'kusuntha mitambo ya mvula kuichotsa ku Indonesia ndi kumpoto kwa Amazon. Mitengo ya ku Borneo ndi Sumatra inazolowera kusinthaku, moti mitundu yambiri ya m'banja la meranti imachita maluwa ndi kubala zipatso nthawi imodzi pakapita zaka zingapo, kawirikawiri pambuyo pa kanyengo kouma. Nkhalango yosasokonezedwa siigwira moto wamba ngakhale pa chilala, chifukwa pansi pake pamakhalabe ponyowa. Zinthu zimasintha anthu akadula mitengo, kutsegula misewu ndi kukumba ngalande.

Chitsanzo chomvetsa chisoni kwambiri ndi cha madambo a ku Indonesia amene nthaka yake ndi peat, kutanthauza masamba ndi mitengo yakufa imene yaunjikana m'madzi kwa zaka zikwizikwi osawola bwinobwino, mpaka kuzama mamita 10 kapena kuposerapo. Pakati pa zaka za m'ma 1990 boma la Pulezidenti Suharto wa dzikolo linakumba ngalande m'chigawo cha Central Kalimantan pofuna kusandutsa mahekitala 1 miliyoni a madambowa kukhala minda ya mpunga. Mpungawo sunapindule, koma nthaka inauma, ndipo El Niño wa mu 1997 atafika, moto unalowa pansi n'kumanyeka miyezi yambiri, utsi wake n'kukuta Singapore ndi Malaysia. Zomwezi zinabwerezeka mu 2015, pamene mahekitala pafupifupi 2.6 miliyoni anapsa ku Indonesia. Phunziroli ndi lofunika kwa Africa, chifukwa mu 2017 gulu la akatswiri lomwe munali Greta Dargie ndi Simon Lewis linalengeza kuti pakati pa chigwa cha Congo, m'dera lotchedwa Cuvette Centrale, pali dambo la peat lalikulu kuposa ena onse a m'madera otentha, la masikweya kilomita oposa 145,000, lomwe lasunga matani pafupifupi 30 biliyoni a kaboni. Kaboni ameneyu adzakhalabe pansi pokhapokha ngati damboli lipitiriza kulandira mvula yokwanira ndipo silikumbidwa ngalande.

Ku Amazon chilala chachikulu chinachitika mu 2005, 2010, 2015 mpaka 2016, ndiponso 2023 ndi 2024, zomwe ndi kawirikawiri kuposa mmene zinkakhalira kale. Pa doko la Manaus, pomwe kuya kwa mtsinje wa Negro kwakhala kukuyezedwa kuyambira mu 1902, madzi anatsika kufika pa mamita 12.70 mu Okutobala 2023, womwe unali mlingo wotsika kuposa wina uliwonse m'mbuyomo, ndipo chaka chotsatira anatsikanso kuposa pamenepo. Midzi yodalira maboti inasowa njira yopezera chakudya ndi mankhwala, ndipo m'nyanja ya Tefé madzi anatentha kufika pa madigiri 39, ma dolphin a m'mitsinje oposa 150 n'kufa. Kutentha kwa dziko lonse, komwe kukubwera chifukwa cha mpweya wotuluka poyatsa malasha, mafuta ndi gasi, kukuwonjezera ludzu la mpweya, pomwe kudula mitengo kukuchepetsa nthunzi yobwerera kumwamba, ndipo ziwirizi zimalimbikitsana. Kummwera kwa Amazon miyezi youma yatalika kale ndi masabata angapo poyerekeza ndi zaka za m'ma 1970, ndipo mu 2021 Luciana Gatti ndi anzake, atayeza mpweya pogwiritsa ntchito ndege zazing'ono kwa zaka zingapo, anapeza kuti kummwera chakum'mawa kwa nkhalangoyi kukutulutsa kaboni wochuluka kuposa amene kukuyamwa.

Mu 2018 Thomas Lovejoy wa ku United States ndi Carlos Nobre wa ku Brazil anachenjeza kuti ngati kudula mitengo kungafike pakati pa 20 ndi 25 peresenti ya nkhalango yonse ya Amazon, kuzungulira kwa madzi kungathe kufooka mpaka madera akuluakulu a kum'mawa, kummwera ndi pakati atasanduka tchire la mitengo yapatalipatali. Akatswiri amasiyana maganizo pa malire enieniwo komanso pa funso lakuti kaya kusinthako kudzachitika nthawi imodzi kapena dera ndi dera, ndipo kusiyana kumeneku n'koyenera pa nkhani yovuta chonchi. Chimene sakutsutsana n'chakuti pafupifupi 17 peresenti ya nkhalangoyi inadulidwa kale, makamaka pofuna msipu wa ng'ombe ndi minda ya soya. Zimene zinachitika ku Brazil pakati pa 2004 ndi 2012, pamene kudula mitengo kunatsika ndi pafupifupi 80 peresenti chifukwa choyang'anira nkhalango ndi makina a mumlengalenga, kulanga ophwanya malamulo ndi kulemekeza malo a eni nthaka, zikusonyeza kuti kuwonongaku kungathe kuchepetsedwa boma likatsimikiza mtima, ndipo ndi njira yomweyi imene maiko a m'chigwa cha Congo ndi a kummwera chakum'mawa kwa Asia akufunika kuitsata.